Mitumbira Imene Anandiuza Kuti Ndisajambule

Ana anga, mutu uno sindinafune kuulemba. Chandikakamiza ndi zimene zinachitika pa Khirisimasi yapitayi kuno ku Area 25, pamene mkamwini wanga, bambo a Dalitso, anatsegula bokosi langa lachitsulo kufuna pepala loyatsira mbaula. Ndinawapeza atapinda kale kalata yanga yolembedwera ntchito. Anapepesa, n'kunena kuti ankayesa ndi zakale zopanda ntchito. Sindinawakalipire pamaso pa alendo, koma mumtima ndinawawidwa. China n'chakuti pa maliro a mayi anu wolengeza ananditchula kuti ndine mkulu uja ankalemba zikwangwani za m'misewu. Sananame. Koma palibe mwa inu amene akudziwa chimene chinandifikitsa ku zikwangwaniko, ndipo ndaona kuti ndikapanda kulemba, mapepala adzathera pa mbaula nkhani isanamveke.

1973 mpaka 1975

Kalata ija ndi ya mwezi wa Marichi, 1973. Inandiika mu ofesi yojambula mapulani a mzinda watsopano, umene nthawi imeneyo unali fumbi, zikhomo ndi mathirakitala. Ntchito yanga inali kukopera mapu pa pepala loonekera, mzere ndi mzere, osawonjezera kanthu. Ndinkakhala chipinda chimodzi ku Kawale ndipo ndinkapalasa njinga m'mawa uliwonse. Woyang'anira chigawo cha mapaki ndi maonekedwe a mzinda anali mzungu wa ku Mangalande, Bambo Ashworth, munthu wamtali, wowerama msana, wolankhula motsitsa mawu ngati ali m'tchalitchi. Tsiku lina masana anandipeza ndikujambula ng'ombe kuseri kwa pepala lotayidwa. Ndinayesa ntchito yatha. Iwo analiyang'ana pepalalo nthawi yaitali, n'kunena kuti ng'ombeyo ndaijambula bwino koma yanenepa kwambiri, ndipo ng'ombe ya m'chithunzi imafunika kuoneka nthiti. Sabata yotsatira anandisamutsira pa tebulo loyandikana ndi lawo.

Anali ndi buku lalikulu la zithunzi za ojambula akale a kwawo, limene ankalitsekera m'kabati, ndipo sindinkaloledwa kuligwira ndisanasambe m'manja. Anandifotokozera kuti kalekale kwawoko wojambula ankalembedwa ntchito yojambula nkhope za anthu olemera, akavalo awo ndi agalu awo, ndipo mitengo ndi mapiri ankangoziika kumbuyo kuti malo asakhale opanda kanthu. Kenaka kunadza ena amene anati dziko palokha ndi loyenera kulijambula: mtsinje, dambo, mitambo, njira ya ngolo. Zitatero anthu a ndalama anayamba kuyenda maulendo ataliatali, osati kukaona m'bale kapena kukagula kanthu, koma kufunafuna malo ooneka ngati chithunzi. Akawapeza ankaima, kuyang'ana, n'kubwerera kwawo. Ine ndinaseka, iwo osaseka.

Kukongola kumeneku kunali ndi malamulo ake, ndipo ndinawalemba m'kope limene lilipo mpaka lero. Patsogolo pa chithunzi pazikhala pakuda, pakati powala, kutali kofiirira pang'ono kapena kwa buluu ngati utsi. Mtengo wopindika uposa wowongoka. Njira isawongoke. Ng'ombe zikhale zitatu, osati ziwiri. Nyumba yogumuka iposa ya malata atsopano. Anthu akhalepo mmodzi kapena awiri, ang'onoang'ono, ofulatira, osaoneka kuti atopa. Ndinawafunsa kuti anthu a m'zithunzimo amalima kuti, iwo anati kuseri kwa phiri. Ndinafunsanso kuti mwini nyumba yogumukayo akugona kuti. Anayankha kuti olemera ena ankamangitsa dala nyumba zogumukagumuka m'minda mwawo, zatsopano, kuti aziziona ali pawindo. Ndinaganiza kuti akundinamiza mpaka anandionetsa tsamba lake.

Komabe musaganize kuti ndikuwanyoza. Munthu ameneyu ananditsegula maso. Ndinkawoloka Lingadzi tsiku lililonse osaona kanthu kupatula matope ogwira matayala. Iwo ndiwo anandionetsa kuti mthunzi si wakuda, kuti pansi pa mtengo wa mango pali mitundu itatu, ndi kuti mtambo wa mvula uli ndi kulemera kumene burashi imatha kukuonetsa. Penti wathu wa madzi ankachokera kunja, ndipo mu 1975 anatheratu. Tinalemba mafomu asanu ndi awiri opempha wina, onse ndili nawo, ndipo palibe imene inayankhidwa. Ine ndinayamba kusefa katondo kuti tipeze kufiira, mwaye kuti tipeze kuda, tiyi wopanda mkaka, ndi buluu wochapira amene ndinkabera mayi anu, poti tinali titangokwatirana kumene. Zonsezi ndinkasakaniza ndi utomoni wa mthethe kuti zigwire pepala. Burashi ndinapanga ndi ubweya wa kumchira kwa mbuzi ya apongozi anga. Bambo Ashworth anaziyesa, n'kunena kuti akale a kwawo akanandisirira. Chaka chomwecho anandiuza kuti akufuna kunditumiza ku Mangalande zaka ziwiri kukaphunzira, ndipo fomu yake inadzafika n'kukhala pa tebulo pawo, kudikira dzina lawo lokha.

Okutobala 1976

Lachisanu lililonse tinkatuluka pa galimoto kukafuna malo oyenera paki. Bwanawo ankayenda ndi kagalasi kakuda, kofanana ndi chikhatho kukula kwake, kotsekera m'kachikwama ka chikopa. Akafika pa malo owasangalatsa ankawafulatira, kukweza kagalasiko, n'kumaona malowo m'menemo. Ankati akale a kwawo ankatero chifukwa galasi lakuda limasonkhanitsa dziko pamodzi n'kulipatsa mtundu wa chithunzi chakale. Antchito a pa ofesi ankawatcha Bwana Fulatira, ndipo ena ankakana kukwera nawo galimoto.

Tsikulo tinafika kumpoto kwa mzinda, pa malo pamene panali mudzi anthu ake asanasamutsidwe. Nyumba zonse zinali zitasalazidwa kupatula khoma limodzi ladothi, longoima lokha, mtengo wa mkuyu wopindika utaliweramira. Kutsogolo kwake kunali dambo, ndipo pa kamtunda patsidya panali msitu wothithikana, wobiriwira pakati pa minda youma. Kutali kunkaoneka mapiri. Bambo Ashworth anatsika injini isanazime. Anati zaka zonse zimene akhala akufunafuna, malamulo onse awapeza pa malo amodzi, ndi nyumba yogumuka yomwe.

Mwana aliyense wa m'chigawo chapakati amadziwa kuti ukaona mitengo yasonkhana pamodzi pakati pa minda, nkhwangwa osaikhudza, amenewo ndi manda. Ine ndinadziwa ndili m'galimoto momwe. Sindinawauze, ndipo chifukwa chake chinali fomu ija.

Chapafupi ndi khomalo mayi wina wachikulire ankasosa munda. Anaima n'kumationerera bwanawo atafulatira msitu, kagalasi kali m'mwamba. Kenaka anandikodola.

"Bambo inu, mzungu wanuyu akuitana ndani m'galasimo?"

Ndinati sakuitana munthu, akungoona kukongola kwa malo.

"Kukongola amakuona atakufulatira?"

Ndisanayankhe, bwanawo anatembenuka, kutambasula dzanja atagwira pensulo, diso limodzi atatsinzina, kuyeza kutalika kwa mitengo monga ojambula amachitira. Pensuloyo inalunjika pakati penipeni pa msitu. Mayiwo anaika khasu pansi.

"Muuzeni atsitse dzanjalo. Kwanu n'kuti inu?"

"Ku Dowa, amayi."

"Ku Dowa mumaloza manda?"

Bambo Ashworth anandifunsa kuti mayiwo akuti chiyani. Ndinawauza kuti akuwapatsa moni. Bodza limenelo ndalisenza zaka zonsezi, ndipo lero ndalitula pa pepala.

M'mawa mwake, Loweruka, ndinapalasa njinga ndekha kubwerera komweko, nditatenga mchere ndi shuga pang'ono. Dzina la mayi aja linali Mayi Nachisale. Anzawo a pamudzi anatengedwa pa malole kupita kutali, koma iwo anakana, nakakhala ndi mwana wawo Filipo kumene lero kukutchedwa Mgona, ndipo ankayenda pansi kudzalima munda wawo wakale podikira tsiku limene adzaletsedwe. Khoma lija linali la nyumba ya siwa, ya malemu amuna awo. Atamwalira, abale anagwetsa denga monga mwa mwambo n'kuisiya kuti ithe yokha, ndipo a mathirakitala atamva kuti ndi siwa anailambalala. Mumsitumo munagona amuna awowo, mayi awo, ndi ana awo atatu amene anamwalira ali aang'ono. Sanalire pofotokoza. Anati iwo za malo ndi zamapuloti alibe nazo mawu, chimene akufuna n'chimodzi: kuti ogonawo asasokonezedwe, ndi kuti tsiku lawo likadzafika adzaikidwe pambali pa amuna awo. Sindinalowe mumsitumo, poti munthu salowa ku manda a eni popanda maliro kapena chilolezo. Koma udzu unali utapsa, ndipo ndili m'mphepete ndinaona mitumbira pansi pa mitengo, ina ili ndi miphika yoboola pansi, ina mbale zadzimbiri.

Novembala 1976

Komiti yogawa malo inayenera kukumana kumapeto kwa mwezi. Injiniya wamkulu, amenenso anali wakunja, ankafuna kuti kamtundako kasalazidwe pakhale mapuloti. Bambo Ashworth ankafuna paki: kanjira kokhotakhota kodutsa mumsitu, mitengo ina ichotsedwe kuti mapiri azioneka, mabenchi atatu mumthunzi, ndipo khoma lija alilimbitse ndi simenti kuti lisagwe. Anandiuza kuti ndijambule chithunzi chachikulu cha malowo chokaonetsa ku komiti, chifukwa mapu sakopa munthu koma chithunzi chimakopa.

Ndinadikira mpaka ena atapita ku chakudya cha masana, n'kuwauza kuti msitu uja ndi manda, ndi kuti tsiku lija sindinamasulire zoona. Ndinkayembekeza kuti adzidzimuka.

"Ndikudziwa, Lameki. Ndakhala m'dziko lino zaka zisanu ndi zitatu."

Anandifotokozera mofatsa. Anati komiti ikangomva mawu akuti manda, njira yake ndi yodziwika: amatumiza anthu kukafukula, mafupa amakaikidwa kwina, ndipo malo amakhala aufulu, thirakitala n'kulowa. Koma ikaona malo okongola, mitengo ipulumuka, ndipo ogonawo akhala pomwepo pansi pa kapinga, popanda wowasuntha. Anati mitumbira ndisaijambule. Paikidwe mthunzi basi. Ankakhulupiriradi kuti akuchita chifundo, ndipo ine sindinathe kuwatsutsa, chifukwa zofukula manda ndinali nditaziona kale pa malo ena.

Loweruka ndinapitanso kwa Mayi Nachisale n'kuwaikira zonse ziwiri patsogolo, osabisa kanthu. Anandifunsa kuti paki n'chiyani. Ndinati ndi malo amene anthu a m'tauni amapitako Lamlungu kukapuma, kudya chinangwa chokazinga, ana kusewera mpira, anyamata kucheza ndi atsikana. Anafunsa ngati anthuwo adzauzidwe kuti pansi pali anthu. Ndinati ayi. Anafunsa ngati mu pakimo amaikamo maliro. Ndinati ayi. Anayamba kuchotsa dothi ku khasu ndi kamtengo.

"Mwananga, akafukula tidzakhalapo, tidzalira, tidzawanyamula tokha ndipo tidzadziwa kumene apita. Koma kuti munthu akhale pa chifuwa cha amuna anga akudya chinangwa, iye osadziwa, ine ndikudziwa, zimenezo ayi. Jambulani zimene mwaona."

Kunyumba mayi anu sanagwirizane nazo. Anali ndi pakati pa iwe Esinati, denga la ku Kawale linkadontha, ndipo ankati chithunzi ndi pepala chabe, pamene sukulu ya ku Mangalande ndi moyo wathu wonse. Anati mayiwo si m'bale wathu, ndipo ngakhale ndijambule mitumbirayo, mwina zotsatira zake zidzakhala zofukula zomwezo, ine n'kutaya zonse pachabe. Sindikuwanena zoipa mayi anu. Zonse zimene ananena zinali zanzeru. Tinakhala masiku atatu tikulankhulana za mchere ndi sopo zokha.

Chithunzicho chinanditengera masiku asanu ndi anayi, m'chipinda chosungira mapu. Malamulo onse ndinawatsata. Mkuyu wopindika ndi khoma patsogolo, pakuda. Dambo pakati, powala. Mapiri kutali ndi buluu wa mayi anu. Ng'ombe zitatu, zoonda. Koma pansi pa mitengo ndinaikapo mitumbira khumi ndi umodzi, imene ndinaiona ndi maso anga, ndi miphika yake. M'mphepete mwa msitu ndinaikapo mayi mmodzi ndi khasu, osafulatira, akuyang'ana wochiona chithunzicho. Kutatsala tsiku limodzi ndinalembera Bambo Ashworth kalata yaifupi yonena zimene ndachita ndi chifukwa chake, ndinaipititsa kwa kalaliki kuti aidinde kuti yalandiridwa, n'kusunga kope langa. Sindinafune kuti bwana wanga adzazionere pamaso pa anthu.

Anabwera kalatayo ili m'manja. Anaima patsogolo pa chithunzi nthawi yaitali kwambiri. Anati chimenechi ndi chinthu chabwino kuposa zonse zimene ndinajambulapo, ndipo chifukwa cha chimenecho akundipempha kuti ndisachiwononge. Penti wa madzi amachoka ukamupukuta ndi chinkhupule chonyowa. Anatenga chinkhupule pa shelefu, kuchiviika m'kapu, n'kundipatsa. Ine ndinaika manja kumbuyo.

"Bwana, chinkhupule muli nacho, dzanja ndi lanu. Ine langa lakana."

Anachiyandikitsa pa pepala mpaka dontho linagwera pa dambo. Kenaka anachibwezera m'kapu.

"Ndiye mawa ukachinyamule wekha."

Ndinachinyamuladi. Choimikira zithunzi chinali chitabwerekedwa ndi ofesi ina, choncho ndinaima kutsogolo kwa komiti nditachigwira ndi manja awiri, nkhope yanga ili kuseri, ola lathunthu. Anthu anali asanu ndi anayi. Wapampando anali Bambo Gondwe, a ku Rumphi, mkulu wa mpingo, munthu wosathamangira kulankhula. Bambo Ashworth anafotokoza za kanjira ndi mabenchi monga anakonzera, osatchula mitumbira. Injiniya anafotokoza za mapuloti. Ndiye ndinamva mpando ukukokedwa. Bambo Gondwe anabwera pafupi, kuvala magalasi, n'kuwerama mpaka ndinamva kupuma kwawo pa zala zanga. Sanaloze. Anasuzumira kuseri kwa chithunzi n'kundifunsa m'Chichewa chawo chakumpoto kuti alipo angati. Ndinati amene ndinawaona ndili panja ndi khumi ndi mmodzi, ndipo mkati sindinalowe. Anafunsa za mayi wa khasu, ndipo ndinanena dzina lawo ndi amene ali nawo m'menemo.

Injiniya anati ndiye nkhani yaphweka, palembedwe kalata yofukula. Ndinaona kuti mayi anu ananena zoona. Koma kalata yotero inkafuna maina awiri, lina la munthu wakuno amene adzaimirire pa malopo tsiku lofukula. Bambo Gondwe anatulutsa cholembera m'thumba, kuchiika pa tebulo, n'kufunsa kuti ndani ayambe. Wina anati iye ndi wa za madzi. Wina anati mwezi umenewo ali pa tchuthi. Wina anapempha kutuluka pang'ono ndipo sanabwerenso. Onsewo anali atavomerezapo kufukula manda ena, pamene manda anali kamtanda kakang'ono pa mapu. Apa panali miphika ndi mayi wowayang'ana m'maso. Cholembera chinakhala pamenepo. Pomaliza Bambo Gondwe anauza mlembi kuti alembe kuti malowa asiyidwe, apitirize kugwira ntchito imene akugwira tsopano, kufikira komiti idzakumanenso pa nkhaniyi. Ndinapempha wotayipa kuti andipatse kope, ndipo anandipatsa lachitatu la kaboni, losaoneka bwino. Komitiyo sinakumanenso pa nkhaniyi.

1977 mpaka 1983

Mu Januwale fomu ya ku Mangalande inandibwerera mu envelopu, malo a dzina la bwana ali opanda kanthu. Mwezi wotsatira ndinalandira kalata yondisamutsira ku chigawo cha zikwangwani za m'misewu. Inalibe chifukwa. Ndinalemba makalata atatu ofunsa cholakwa changa, pa 9 Febuluwale, pa 2 Marichi ndi pa 14 Epulo, ndipo sindinayankhidwe. Ichi chimandipwetekabe kuposa kusamutsidwako. Munthu ukamulanga, muuze. Chithunzi chija chinatsala ku ofesi, ndipo nditafunsa patapita zaka anati sakudziwa kumene chili.

Ku zikwangwani ndinakhalako mpaka kupuma. Ndinaphunzira kulemba zilembo zowongoka ndi penti wa mafuta amene ankanunkha mpaka m'chakudya. Ena mwa manambala a maeriya amene mukuwadutsa lero anayamba kulembedwa ndi dzanja langa. Mayi anu sanandikumbutsepo za fomu ija ngakhale tsiku limodzi, ngakhale pamene tinkakangana pa zina, ndipo pa chimenechi ndimawathokoza.

Bambo Ashworth tikakumana ankandipatsa moni, osapitirira apo. Mu 1979, atatsala sabata kuti abwerere kwawo, anatulukira ku shedi yathu. Anaima n'kumandionerera ndikulemba. Anati burashi ndikuigwira molimba kwambiri. Kenaka anati paki ikanakhala ndi mpanda ndi mlonda, pamene tsopano msituwo ulibe mwini, ndipo mitengo idzatha umodziumodzi. Ndinati mwini alipo, koma sali m'fayilo. Anagwedeza mutu, tinagwirana chanza, n'kupita. Sindinamvenso za iwo. Ndiyenera kunena chilungamo: sanalakwitse konse. Nyumba zitayandikira, obwera amene sankadziwa kuti ogonawo ndi a yani anayamba kudula mitengo ya m'mphepete, ndipo khoma lija linagwa ndi mvula. Ankaikonda mitengo ija ndi mtima wonse, ndipo anandiphunzitsa popanda kubisa kanthu. Chimene sanathe ndi kuona kuti mitengoyo sinasiyidwe kuti ikongole.

1984

Linali Lachiwiri m'mawa, mwezi wa Novembala, ndikutulutsa njinga ku Kawale, pamene munthu wina anaima pa khomo chipewa chili m'manja. Anati ndi Filipo, mwana wa Mayi Nachisale, ndipo mayi ake anamwalira Lamlungu. Anali atapita kale ku ofesi yoona za manda dzulo lake, ndipo anamuuza kuti mkati mwa mzinda maliro amaikidwa ku manda a mzinda okha, apite ku Area 18. Thupi linali m'nyumba ku Mgona, tsiku lachitatu, kunja kukutentha, ndipo abale ena anali atayamba kunena kuti angovomera. Iye anati mayi ake asanatsirizike anamuuza kuti zikavuta akafune bambo wa ku Dowa wojambula uja.

Ndinabwerera m'nyumba, kutsegula bokosi, n'kutenga envelopu. Ku ntchito sindinapite tsiku limenelo, ndipo anandidula malipiro a tsikulo. Tinafika ku ofesiyo isanakwane naini koloko. Kalaliki wake anali munthu waulemu koma wotopa. Anati pa mapu awo malowo ndi opanda kanthu, ndipo fayilo ya komiti ya chaka chimenecho inadyedwa ndi chiswe. Ndinatulutsa kope langa la kaboni. Anati silikuwerengeka. Ndinamutengera pa windo n'kulikweza ku dzuwa, ndipo tinawerenga pamodzi liwu ndi liwu. Anati chabwino, koma pepalalo likungoti ntchito imene malowa akugwira tsopano, silikutchula kuti ntchitoyo ndi yotani. Ndinatulutsa kalata yanga ija yopita kwa Bambo Ashworth, yonena za mitumbira khumi ndi umodzi, ili ndi chidindo cha ofesi ndi tsiku lake, tsiku limodzi komiti isanakumane. Ndinamufunsa kuti malo a mitumbira amagwira ntchito yanji. Anatenga mapepala onse awiri kupita nawo kwa mkulu wake. Sindinafune kuti achoke m'manja mwanga, choncho ndinamulembetsa pa kapepala kuti wawatenga.

Tinadikira pa benchi mpaka thuu koloko. Filipo sanadye kanthu, ndipo kawiri konse anatuluka kukayang'ana dzuwa. Pomaliza mkuluyo anatuluka yekha, bambo wonenepa wa tayi, mapepala anga ali m'dzanja limodzi, kalata yatsopano m'dzanja lina. Anati walola, koma maliro awa okha, ndipo walemba momveka kuti pambuyo pake m'menemo musadzaikidwenso munthu. Ndinaimirira n'kuyamba kumuuza kuti komiti sinanene za munthu mmodzi, kuti iye alibe mphamvu yosintha mawu a komiti, ndi kuti ndilembera akuluakulu ake. Nkhope yake inayamba kusintha, ndipo dzanja la kalata lija linayamba kubwerera kumbuyo. Filipo anandikoka malaya.

"Abambo, mmodzi yemweyo ndi amene tili naye."

Ndinakhala pansi. Iye analandira kalatayo ndi manja awiri.

Tinawaika m'mawa mwake. Anthu a mudzi wakale anabwera pa lole kuchokera kumene anasamutsidwira, ndipo ena anali asanaonane zaka khumi. Kameneko kanali koyamba kuti ndilowe mumsitu umene ndinaujambula masiku asanu ndi anayi. Munali mozizira, ndipo mitumbira sinali khumi ndi umodzi. Ndinawerenga chamumtima poyenda, poti ndi khalidwe langa, ndipo ndinalekera pa makumi anayi. Adzukulu anali atakumba pambali pa mtumbira wina wakale wophwa, wa amuna awo. Bokosi litatsitsidwa, mkulu wa adzukulu anayamba kuitana abale kuti aponye dothi, ndipo ine ndinabwerera m'mbuyo kukaima ndi alendo. Filipo ananong'oneza mkuluyo kanthu. Mkuluyo anandiyang'ana, anatapa dothi pa khasu, n'kudutsa pakati pa anthu kubwera nalo pamene ndinaima. Ndinatapa ndi dzanja lamanja, n'kupita kukaponya.

Ndine bambo wanu,
Lameki Mbewe
Area 25, Lilongwe